Chemwali, tatseka tchalitchi cha agogo

Chemwali wanga,

Ndakhala chete nthawi yaitali ndikudziwa, ma voice note ako onse ndinamvera koma zomwe ndikufuna kukuuzazi sizingakwane pa foni, nde ndati ndingokhala pansi ndilembe ngati kale lija tikutumizirana makalata pa holide. Kuno kwayamba kuzizira, mitengo yonse yayoyoka masamba, chimanga anakolola kale. Mwana ali bwino, bambo akenso ali bwino akupereka moni. Mayi mwendo uja uli bwanji? Uwauze kuti sindinawaiwale.

Sande yathayi tinatseka tchalitchi. Kutseka kwenikweni, kosadzatsegulanso. Ndi chija ndinakutumizira chithunzi chake chaka chatha, choyera chamatabwa chokhala ndi kansanja kosongoka, chili chokhachokha pamtunda pakati pa minda, manda kuseri kwake. Ndi cha Lutheran, komwe amapemphera agogo awo a bambo a mwanayu, mayi awo a apongozi anga aamuna. Agogowa ali ndi zaka 91 tsopano, anabatizidwa momwemo, ukwati anamangitsa momwemo, amuna awo anagona kuseri kwakeko. Kuchokera ku Westby, katauni ka mu Wisconsin kuno ku America, pagalimoto ndi kanthawi kochepa chabe, ungokhota misewu iwiri itatu yam'mapiri basi wafika. Anthu opemphera anatsala ochepa zedi, Sande zina tinkangokwana pa mabenchi atatu, wamng'ono pa onse kupatula ife anali oti ali ndi zidzukulu kale, denga likudontha, ndalama zotenthetsera mkati nthawi ya sinowo palibe, abusa okhazikika anachoka kalekale. Anakhala pansi nkuvota kuti basi, tiyeni titseke tikadali ndi mphamvu zotseka bwino.

Ine ndinkati ndikungoperekeza, paja ndine wa CCAP kuchokera m'mimba, za Lutheran ndazidziwira kuno. Koma chemwali ndinalira kuposa ena obadwira pompo, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Ndikuyambire pomwe zinayambira.

Loweruka loti mawa lake tikutseka tinapita kukalongedza katundu. Mu kachipinda ka abusa muli sefa yakale yachitsulo, atatsegula munatuluka mabuku akuluakulu a mpingo, zikuto zake zothetheka, mapepala achikasu. Maubatizo, olandiridwa ku mgonero, maukwati, maliro, zonse zolembedwa pamanja ndi inki, ndipo mabuku oyambirirawo mulibe Chingerezi ngakhale liwu limodzi, ndi chi Norway chokhachokha. Agogo anati ndikhale pambali pawo poti maso anga ndi akuthwa, iwo aziloza ndi chala ine ndiziwerenga zilembo. Tinakhala pamenepo mpaka khofi anazizira m'makapu.

Makolo awo anachoka ku Norway chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860. Sanali eni malo kwawoko, anali anthu okhala pamunda wa wina, amapatsidwa kanyumba ndi kadimba nkumalipira ndi thukuta, kugwira ntchito kwa mwini munda. Iwe ndi ine tikudziwa dzina la moyo umenewo, tinawaona matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Ngakhale amene anali ndi munda, mwambo wakumeneko unali woti munda wonse umapita kwa mwana wamwamuna woyamba, enawo aone kolowera. Dziko lamiyala, nthaka yolimika yochepa, ana ambiri, zaka zina zokolola osachita bwino. Nde anthu anayamba kutuluka. Sitima yoyamba yodziwika inanyamuka ku Stavanger mu 1825 ndi anthu 52, inakafika ku New York mu Okutobala ali 53 poti mwana anabadwira panyanja, ndipo pa zaka 100 zotsatira anthu pafupifupi 800,000 anasamuka ku Norway kubwera kuno. Dziko laling'ono ngati limene lija! A kwa agogowa anadzera ku Quebec ku Canada pa sitima ya matanga, masabata ambirimbiri pamadzi, kamba wawo ali m'chibokosi chamatabwa, kenako nyanja zikuluzikulu zija mpaka ku Milwaukee, kotsalako ndi ngolo ndi miyendo. Chibokosicho chilipobe kwa apongozi, chojambulidwa maluwa ofiira ndi abuluu, dzina la mayi amene anabwera nacho lili patsogolo.

Chomwe chinawakoka ndi malo. Mu 1862 boma la America linakhazikitsa lamulo loti munthu atha kutenga maekala 160, akakhalapo ndi kulimapo zaka 5 ndi ake, ndipo malo ena ankagulitsidwa motchipa. Munthu woti kwawo analibe ngakhale poika nkhuku yake, taganiza. Koma apa ndinawafunsa agogo funso lomwe linkandivuta, ndinati nanga malowa analibe eni? Anakhala kaye chete, kenako anati analipo mwanawe, a Ho-Chunk. Anthu amenewo anakakamizidwa kusiya malo awo ndi mapangano a boma, lomaliza la malo a kuno mu 1837, ankawathamangitsa kupita kumadzulo koma ambiri ankabwererabe wapansi, mpaka lero alipo mu Wisconsin muno. Ndipo m'boma lathu lomwe lino la Vernon, m'mphepete mwa Mississippi pafupi ndi mtsinje wa Bad Axe, ndi pomwe asilikali anapha anthu ambiri a Black Hawk, mtsogoleri wa mtundu wa Sauk, mu 1832, azimayi ndi ana omwe, akuyesa kuwoloka. Agogo anati izi pa ubwana wawo sankazimva, anazidziwa atakula. M'mabuku a mpingo aja mulibe. Ine zinandikhudza, poti ife mbali imeneyo ya nkhani timaidziwa bwino, ya anthu opezeka kuti malo a makolo awo alembedwa dzina la mlendo.

Chomwe sindinkadziwa ndi choti manda ndi amene anayamba, tchalitchi chinabwera pambuyo. Atangofika kunalibe m'busa, kunalibe chilichonse, Sande ankasonkhana m'nyumba ya mmodzi wa iwo, kanyumba ka mitengo yogoneka, wodziwa kuwerenga bwino awerenge ulaliki wa m'buku lomwe anabwera nalo, ayimbe nyimbo, basi. Mwana akabadwa wofooka ankamubatiza okha kunyumba, abusa akadzadutsa mwina patatha miyezi nkudzatsimikiza ndi kulemba m'buku. Nde pa banja lina mwana anamwalira nthawi yozizira, bambo wina anapereka ngodya ya munda wake pamtunda kuti amuike pamenepo. Wachiwiri anatsatira, wachitatu. Pofika nthawi yoti amange tchalitchi panalibenso zokambirana za malo, anati timange pomwe pali ana athu. Aliyense anabweretsa chomwe anali nacho, wina mitengo, wina miyala ya maziko pa ngolo ya ng'ombe, wina masiku ake ogwira ntchito. Sizikusiyana ndi mmene tinkaumbira njerwa za tchalitchi chathu chija, mudzi uno Lachiwiri mudzi uwo Lachinayi, ife ana tikutunga madzi.

Ndi mmene zinayendera madera ambiri kuno. Ku Koshkonong, kufupi ndi Madison, m'busa wochokera ku Norway dzina lake Dietrichson anachititsa mapemphero pansi pa mitengo mu 1844, tchalitchi kulibe. Ku Muskego anamanga chawo chamitengo zaka zomwezo, chimene amati ndi choyamba cha anthu a ku Norway m'dziko lino, ndipo mu 1904 anachiphwasula nkukachimanganso pa sukulu ya abusa ku St. Paul ku Minnesota kuti chisungike. Abusa anali ochepa, mmodzi kuyang'anira mipingo itatu inayi kapena kuposa, kuyenda pa hatchi m'sinowo. Masabata omwe abusa kulibe zonse zinali m'manja mwa munthu yemwe ankamutcha klokker, iyeyo ndiye woyambitsa nyimbo, wopemphera potsegulira ndi potsekera, nthawi zambiri ndiyenso mphunzitsi wa ana. Ndinawauza agogo kuti kwathu ameneyo ndi mkulu wa mpingo wa ku nyumba ya mapemphero, abusa timawaona pa mgonero basi. Anasangalala kwambiri kumva zimenezo. Nditawauzanso kuti kumudzi kwathu azibambo amakhala mbali yawo azimayi mbali yawo, anandigwira dzanja nkuti ndi mmene zinalili muno mayi anga ali mtsikana.

Za maina nazo ndi nkhani. Ku Norway kumidzi munthu ankatchedwa dzina lake, kenako la bambo ake kuwonjezera sen ngati ndi mwamuna kapena datter ngati ndi mkazi, kenako dzina la munda womwe akukhala, akasamuka munda dzina lachitatulo limasinthanso. Atafika kuno a boma akufuna dzina limodzi la banja losasintha. Nde pa abale atatu a mimba imodzi, wina anatenga la bambo, wina la munda womwe anabadwira, wachitatu analidula lake kuti Achimereka azitha kulitchula. Lero zidzukulu zawo zili ndi maina atatu osiyana, ena sadziwana nkomwe kuti ndi magazi amodzi. Chomwe chimawalumikiza ndi buku la mpingo lija basi, poti abusa ankalemba zonse, makolo a mwana, mboni za ubatizo, nthawi zina ndi dera lomwe anachokera ku Norway. Ife tili ndi mfunda, ukangoti ndine Nabanda kapena Naphiri munthu wayamba kale kukupezera abale. Iwowa alibe zimenezo, mfunda wawo unali mu sefa.

Pali tsamba limodzi la maliro lomwe sindidzaliiwala. M'zaka za m'ma 1880 kunabuka matenda a pakhosi aja amati diphtheria, nthawi imeneyo katemera kulibe. Mzere ndi mzere ana okhaokha, zaka 2, zaka 5, miyezi 8, ndipo maina atatu otsatizana bambo wake mmodzi, mwezi umodzi. Anali azichimwene ndi achemwali a agogo awo a agogowa. Titatuluka panja anandionetsa timiyala tawo, tating'ono toyera, tina tili ndi kankhosa pamwamba, zilembo zinayamba kufufutika koma mawu awiri ukuwaona paliponse, født ndi død, kubadwa ndi kumwalira. Ndinakumbuka chaka chija chikuku chinalowa m'mudzi mwathu, mmene mayi ankatiletsera kupita kumadambo ndi anzathu. Mayi wa ana atatu aja anakhalabe ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo agogo amati ankakhala benchi ya pawindo loyang'ana kumanda, Sande iliyonse, malo amenewo wina aliyense ankadziwa kuti sakhalapo.

Tsopano imva izi, iwe mwana wa mlimi wa fodya. Tchalitchi chimenechi chinamangidwa ndi kukonzedwa ndi ndalama za fodya! Ine ndinkaona zinyumba zazitali zamatabwa m'minda muno, matabwa ake ena otseguka m'mbali ngati mawindo aatali, ndimayesa ndi makola. Ndi zigafa chemwali. Anthu a ku Norway a dera lino la Westby ndi Viroqua, komanso a ku Stoughton ndi Edgerton kummwera, ankalima fodya kwa zaka zoposa 100, woumitsa ndi mphepo ngati fodya wathu wa bale, wake ankapangira ndudu zikuluzikulu zija ndi fodya wotafuna. Kusiyana kwake iwo sathyola tsamba limodzilimodzi nkusoka ngati ife, amadula mtengo wonse, kuubaya pa kandodo, nkupachika. Kenako amadikira nyengo ya nkhungu cha mu Disembala kuti masamba afewe asamafumbutuke, pamenepo banja lonse usiku ndi usana kutsitsa ndi kuthothola. Agogo amati ng'ombe za mkaka zinkadyetsa banja tsiku ndi tsiku koma fodya ndiye ankalipira ngongole ya munda, msonkho, ndi chopereka cha ku tchalitchi. Tinacheza za nazale, za kuwokera, za manja akuda ndi phula la fodya, za mutu kuwawa ukagwira masamba onyowa, ngati anthu a mudzi umodzi. Sindinaganizepo kuti ndingadzakambe zimenezi ndi gogo wachizungu. Pano fodyayo anatha, makamaka boma litathetsa ndondomeko yake ya makota mu 2004, zigafa zambiri zikungogwa.

Koma ukafunsa amene anagwira tchalitchi kuti chisagwe zaka zonsezi, ndi azimayi. Anali ndi bungwe lawo, pa chi Norway Kvindeforening, pambuyo pake ankangoti Ladies Aid, ndi Chigwirizano chathu chomwechi kungoti alibe yunifolomu. Poyamba pa misonkhano ya mpingo ovota anali azibambo okha, koma belu anagula ndi azimayi, limba azimayi, chithunzi chachikulu cha kuguwa azimayi, ndalama za mazira, zoluka ndi zosoka. Chipinda chapansi pa tchalitchi, momwe muli khitchini ndi matebulo, ndi momwe munali moyo weniweni wa mudzi. Maliro akachitika anthu amatsikira mmenemo kukadya, azimayi agawana kale wophika ichi wophika icho popanda wowauza, monga timachitira ife pa siwa. Chaka chilichonse nyengo ngati ino ankaphika chakudya chachikulu chopezera ndalama, anthu kuchokera kutali kudzaima pamzere. Chakudya chake lutefisk, nsomba youma ya m'nyanja yomwe amainyika m'madzi a mankhwala okhala ngati chidulo champhamvu mpaka ifewe nkumanjenjemera, kenako kuitsuka masiku angapo, kuiphika nkuthira batala. Ndi lefse, yopangidwa ndi mbatatesi, yopyapyala kuposa chapati, amapaka batala ndi shuga nkupinda. Lefse ndaphunzira kupanga, agogo anandipatsa kandodo kawo kotembenuzira. Ndinaona kuti chakudyachi kwa iwo ndi monga ife tikapeza ufa woyera ndi usipa kuno, sudya chifukwa cha njala, umadya kuti ukumbuke kuti ndiwe yani.

Usaganize kuti munali mtendere wokhawokha. Ukaima pakhomo pa tchalitchi chathuchi nkuyang'ana kutsidya kwa chigwa ukuona kansanja kena, nakonso ka Lutheran, nakonso ka anthu a ku Norway. Ndinafunsa kuti matchalitchi awiri oyandikana chonchi bwanji. M'zaka za m'ma 1880 munabuka mkangano waukulu pa chiphunzitso cha kusankhidwiratu, kuti kodi Mulungu amasankha munthu kuti apulumuke mwa chifuniro chake chokha, kapena amasankha ataoneratu chikhulupiriro cha munthuyo. Alimi wamba ankatsutsana za izi m'minda, m'sitolo, pa chakudya, Baibulo ndi katekisimu zili m'manja. Mipingo inang'ambika pakati. Ku Norway Grove mu Wisconsin momwe muno mpingo unachotsa m'busa wake H.A. Preus pa Lachisanu Loyera mu 1883, chonsecho iyeyo anali mtsogoleri wa sinodi yonse. Kwa agogo nako banja linagawikana, mchimwene wina anatsala kuno wina anapita kukamanga kutsidya, zaka zambiri osayenderana, anagona manda osiyana. Masinodi akuluakulu atatu anadzagwirizananso mu 1917, koma matchalitchi awiri aja aliyense anakhalabe payekha, poti aliyense anali kale ndi akufa ake. Ife za kugawikana kwa mipingo sitingawaseke, tazionera tokha mmene zimapwetekera pachibale.

Apa tsopano ndi pomwe pandigwira kwambiri. Tikutsegula mabuku aja mmodzimmodzi, unkaona chiyankhulo chikufa pamaso pako. Oyamba chi Norway chokha. Kenako maina a ana ayamba kusintha, a Chingerezi akulowa. Kenako mawu a Chingerezi apa ndi apo. Kenako tsamba lina, dzanja lina, Chingerezi chokhachokha mpaka kumapeto. Kale ana ankapita ku sukulu ya boma ya Chingerezi, koma nthawi ya holide mpingo unkachititsa sukulu yakeyake kwa masabata angapo, kuphunzira kuwerenga chi Norway, katekisimu, nyimbo, mbiri za m'Baibulo. Pofika zaka 14 kapena 15 mwana ankalowa kalasi kwa abusa, kuloweza mafunso ndi mayankho mazanamazana, tsiku lolandiridwa kuima kutsogolo nkufunsidwa mpingo wonse ukumvetsera, monga tinachitira ife tikunjenjemera pamaso pa akulu a mpingo. Akadutsa pamenepo ndiye wakula, atha kukagwira ntchito kwa anthu. Tchalitchi ndicho chinasunga chiyankhulo zaka zoposa 50. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika anthu anayamba kukayikira aliyense woyankhula chachilendo, ku Iowa komwe ndi kutsidya kwa mtsinje chabe bwanamkubwa analetsa mu 1918 kuyankhula ziyankhulo zina pagulu, ngakhale m'tchalitchi ndi pa foni. Kuno sanaletse choncho koma mantha anafika, ndipo achinyamata nawo ankafuna kukhala ngati anzawo. Anayamba Sande imodzi pa mwezi Chingerezi, kenako ziwiri, kenako chi Norway chinatsala cha okalamba masana kamodzikamodzi. Mu 1946 mpingo waukulu unachotsa liwu loti Norwegian pa dzina lake.

Agogo anali m'gulu la ana omwe makolo ankawayankhula chi Norway iwo nkumayankha Chingerezi. Lero chomwe chatsala m'kamwa mwawo ndi pemphero la pa chakudya, nyimbo imodzi ya Khirisimasi, kuthokoza, ndi kamawu koti uff da akatopa kapena akadabwa. Buku lomwe munalembedwa ubatizo wa mayi awo satha kuliwerenga. Anandiuza kuti agogo awo aakazi atadwala komaliza Chingerezi chonse chinawathawa, anabwerera ku chiyankhulo cha ubwana, ndipo iwo ali mtsikana anakhala pambali pa bedi osamva zomwe gogo wawo ankawauza. Mpaka lero sadziwa kuti anawasiyira mawu otani. Pondiuza izi anayang'ana mwana wanga akusewera pakati pa mabenchi, nkundifunsa kuti kodi umamuyankhula chakwanu? Ndinati eya ndimamuyankhula. Anati nanga iye amakuyankha chiyani? Chemwali sindinathe kuyankha, poti ukudziwa wekha mmene amachitira pa video call, mayi akamufunsa kuti wadzuka bwanji amangoti bwino kenako nkuthawira ku Chingerezi. Ndine ndekha m'dera lonse lino woyankhula Chichewa. Iwo aja anali mudzi wathunthu, ndi tchalitchi, ndi sukulu, ndi nyuzipepala zawo, koma chinatha pa mibadwo itatu. Nanga ine ndekha ndi foni?

Pa Sande yotsekayo tchalitchi chinadzaza koyamba pa zaka zambiri. Magalimoto a manambala a ku Minnesota, Illinois, mpaka ena anakwera ndege kuchokera ku Seattle, anthu oti anachoka ali ana minda itayamba kugulitsidwa. Ndi chomwe chinapha matchalitchi akumidzi kuno, si kuti anthu anakangana ayi, minda ing'onoing'ono ya ng'ombe za mkaka inamezedwa ndi ikuluikulu, pomwe panali mabanja khumi pali limodzi, ana anapita m'matauni. Minda ina anagula a Amish omwe amapemphera m'nyumba zawo, ndipo ogwira ntchito m'makola akuluakulu ambiri ndi ochokera ku Mexico, nawonso ali ndi kwawo kopemphera. Mayi wina atamva kuti ndine wa ku Malawi anandikumbatira, akuti mpingo wawo uli cha ku Eau Claire ndipo sinodi yawo ya kumpoto chakumadzulo kwa Wisconsin ili pa ubale ndi Evangelical Lutheran Church in Malawi, anatchula mpaka dzina la a bishopu Bvumbwe. Ndinamva bwino kumva dzina la kwathu m'kamwa mwa munthu pamalo ngati amenewo.

Kuguwa kuli kampanda kogwadirapo polandira mgonero, kozungulira theka chabe, mbali zake ziwiri zimakathera kukhoma. Abusa obwera kudzatseka anafotokoza zomwe akuluakulu ankanena, kuti theka linalo lili kuseri kwa khoma, kumanda, nde ukagwada pamenepo wagwada bwalo limodzi ndi amene anatsogola. Agogo sangathenso kugwada, bambo a mwana anawagwira mkono anaima chilili, ine mbali inayo. Pomaliza anatchula maina a mabanja omwe anayambitsa mpingo, anatulutsa mabuku aja, mbale ya ubatizo ndi ziwiya za mgonero, ana ndi amene ananyamula, wanganso anapatsidwa buku limodzi analigwira ndi manja awiri. Kenako belu. Agogo amati kale munthu akamwalira ankaliza belu kamodzikamodzi molingana ndi zaka zake, uli kumunda umangowerenga nkudziwa kuti ndi uje wapita. Tsiku limeneli analiza mpaka aliyense wofuna atakokako chingwe. Titatero tinatsikira pansi kukamwa khofi, anthu osafuna kunyamuka mpaka mdima.

Mabuku apita kosungira zakale za mpingo, akuti ambiri otere anawajambula kale ali pa intaneti. Za nyumbayo sanagwirizanebe. Manda okha ndi amene atsale, pali komiti yake yoona zotchetcha udzu ndi kukonza mpanda, bambo a mwana alowamo. Mwala wa agogo ulipo kale pambali pa amuna awo, dzina ndi chaka chobadwa zinalembedwa, kwangotsala mbali imodzi. Tikubwerera ku galimoto anaima pamenepo nkundiuza kuti pali malo ena awiri a banja, ngati ine ndi mdzukulu wawo tingadzafune. Ananena mwachikondi chenicheni, ngati munthu akukupatsa chipinda m'nyumba mwake. Ndinathokoza koma usiku umenewo sindinagone. Ine mumtima mwanga ndimadziwa kuti ndikagona kwathu pafupi ndi bambo, pansi pa mitengo ija. Koma mwanayu akadzafuna kundiona azidzakwera ndege ziwiri zitatu? Ndipo akadzafika kumudziko adzayankhula ndi ndani, m'chiyankhulo chanji? Mayi uja wa chibokosi cha maluwa naye anasiya amake ku Norway, sanawaonenso, anagona pamtunda pano.

Nde ndili ndi zopempha ziwiri, usandikanize. Ukapita kumudzi pa Khirisimasi upite kwa alembi a mpingo, uwapemphe mwaulemu ngati mabuku akale a ubatizo alipobe, undijambulire tsamba lomwe pali dzina langa, la mayi, ndi la agogo ngati lingapezeke. Uonenso mmene akusungidwira, ngati ndi chiswe kapena kudontha undiuze, ndituma kangachepe agule ngakhale bokosi lachitsulo. Ndipo ukhale pansi ndi mayi, utsegule foni, uwafunse maina onse omwe akuwakumbuka, amake, agogo awo, komwe anachokera asanafike pamudzi paja, ndani anagona pati. Asiye ayankhule mmene akufunira ngakhale ola lathunthu, usawadule.

Chachiwiri, mlamu wako wa ku Chicago uja akamabwerera mu Januwale umupatsire buku la nyimbo la Chichewa ndi katekisimu, zanga zinatsala kwa mayi. Ndayamba kale, madzulo aliwonse tisanadye mwanayu akupemphera m'Chichewa, mawu anayi asanu okha koma akunena yekha. Lachitatu tinali kwa agogo, iwo ananena lawo la chi Norway iye nkunena lake, kenako anafunsana tanthauzo.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Undiyankhe msanga, ndipo undiuze ngati mvula yayamba.

Ndine mnzako wa kalekale uja.